Yesu wogwira tsaya: kapepala ka mu 1511 kamene kanandibwezera pemphero

Amayi anga sankafuna kuona mwana atagwira tsaya. Ukangokhala pakhonde dzanja lili patsaya, ankakuwa ali kumoto komweko: "Chotsa dzanjalo, ine ndikadali moyo! Amagwira tsaya ndi mwana wamasiye." Tinkachotsa msangamsanga tikuseka.

Anatisiya mu February 2021 kwathu ku Dedza, ine ndili ku England komwe ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Inali nthawi ya Covid, Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene boma la Britain linkawaopa. Ndikanapita, pobwerera ndikanatsekeredwa mu hotela masiku 10 ndi kulipira mapaundi 1,750, ndalama imene ndinalibe, ndiponso maliro sakanandidikira. Ndinaonera pa foni ya mng'ono wanga, netiweki ikudukaduka. Amayi a Chigwirizano akuimba pasiwa, chithunzi n'kuima, pamene chinkayambanso bokosi linali litafika kale kumanda. Madzulo a tsiku lomwelo ndinavala yunifolomu n'kupita ku shifiti ya usiku.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti pemphero lindithawa. Ndinakulira mu CCAP, ndipo akati "Mayi, titsekereni ndi pemphero" sindinkasowa mawu. Koma chichitikireni maliro aja, ndikagwada pakamwa pankangoti gwa. Ndinkayamba "Atate wathu wa Kumwamba" n'kuthera pomwepo. Sindinakwiyire Mulungu ayi, mawu okha ndi amene anauma. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri kunja kuno amene tinaika makolo athu m'manda kudzera pa foni, ndipo ena mpaka lero akuchita manyazi kunena kuti sakutha kupemphera.

M'chipinda chakumapeto kwa khonde lathu munkakhala agogo ena a zaka zopitirira 90. Anabadwira kufupi ndi mzinda wa Nuremberg ku Germany, ndipo anakwatiwa ndi msilikali wa ku Britain nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Sitiroko inawafoola mkono wakumanja, wakumanzere unkanjenjemera. Alendo sankaloledwa kulowa masiku amenewo, mwana wawo ankangoima pawindo panja n'kumawabayibitsa. Usiku uliwonse ndikatha kuwatembenuza ndi kuwafunditsa, ankaloza ndi mlomo buku lawo la nyimbo pa kabati. M'katimo munali kakhadi kachikasu chifukwa cha kukalamba, ngodya zake zitafewa ngati nsalu. Ankafuna ndikagwire patsogolo pa maso awo.

Masiku oyamba ndinkachita ngati mmene ndimamwetsera munthu madzi, maso ali pa wotchi. Mphindi zisanu, nthawi zina khumi, iwo osanena kanthu, kenako "Danke," zikomo wa Chijeremani, n'kutsinzina. Mumtima ndinalinso ndi kanthu kondiluma. Ku kalasi tinaloweza lamulo lachiwiri, "Usadzipangire iwe wekha fano losema," ndipo makoma a tchalitchi chathu kumudzi ndi oyera mbee, popanda chithunzi ngakhale chimodzi. Ndinkangoti agogowa ndi Akatolika, ndi zawo. Ndinadabwa atandiuza kuti anabatizidwa mu mpingo wa Lutheran, ndipo kakhadiko anapatsidwa ndi abusa awo.

Usiku wina mu April mkono unatopa, ndiye ndinakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi, tonse awiri kuyang'ana mbali imodzi. Aka kanali koyamba kukaona kakhadiko bwinobwino.

Palibe utoto, ndi mizere yakuda yokha papepala. Munthu wakhala pamwala wosema, alibe chovala kupatula kansalu, msana wapindika. Kumutu kuli chisoti chaminga, ndipo kuchokera kumutuko kukutuluka kuwala mbali zitatu ngati mtanda. Kumbuyo kulibe asilikali, kulibe khamu, kulibe ngakhale mtengo, pepala lili mbee. Chigongono chili pabondo, mutu wautsamiritsa pa dzanja, nkhope yabisika theka.

Wagwira tsaya.

Ndinamva mawu a amayi ngati ali kukhitchini kuseri kwa khomalo, ndipo ndinalira mpaka chophimba pakamwa chinanyowa. Agogo aja sanafunse kuti chavuta n'chiyani, ankadziwa kale za maliro. Anangoti, m'Chingerezi chawo chosakanikirana ndi Chijeremani: "Mwanawe, palibe chifukwa chomuuza kanthu. Ungokhala naye basi."

Mawu amenewa anandifika pamtima chifukwa ndi zomwe timachita kwathu. Ukapita kukakhuza maliro supita ndi ulaliki. Umalowa, umagwirana chanza ndi ofedwa, umati "pepani," n'kukhala pamphasa. Ukhoza kukhala ola lathunthu osayankhula, ndipo podzuka aliyense amadziwa kuti wabwera. Chimenechi n'chimene ndinamanidwa pa maliro a amayi anga: sindinakhale pansi ndi wina aliyense, ndipo palibe anakhala pansi ndi ine. Tsono apa panali wina amene wakhala kale pansi, dzanja lili patsaya, malo pambali pake alipo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala nawo agogowo mpaka atsinzine, ndipo pa nthawi yopuma ndinayamba kufufuza za kakhadiko. Iwo ankakatchula "Schmerzensmann," kutanthauza munthu wa zisoni, mawu a pa Yesaya 53:3. Anajambula ndi Albrecht Dürer wa ku Nuremberg komweko, amene anabadwa mu 1471 n'kumwalira mu 1528. Ndi tsamba loyamba la kabuku ka masautso a Ambuye kamene anatulutsa mu 1511, kokhala ndi zithunzi 37, kuyambira pa Adamu ndi Hava mpaka pa chiweruzo chomaliza. Chithunzi chilichonse n'chachikulu ngati chikhatho, pafupifupi masentimita 13 m'litali ndi 10 m'lifupi. Kapangidwe kake n'kofanana ndi chidindo cha amfumu: amajambula pa thabwa losalala, mmisiri n'kusema kuchotsa paliponse pamene payenera kukhala poyera, mizere yokha n'kutsala itatumphuka. Akapaka inki n'kutsindika papepala, thabwa limodzi limatulutsa mazanamazana. N'chifukwa chake munthu wamba amene sakanatha kugula chithunzi cha utoto cha paguwa ankatha kugula pepala lotere pamsika. Mkazi wa Dürer, Agnes, ankapita nawo mapepalawa kukagulitsa ku misika ikuluikulu ngati wa ku Frankfurt, ndipo amayi ake a Barbara ankathandizanso kugulitsa. Mayi ameneyu anabereka ana 18, amene anakula ndi atatu okha. Anamwalira mu 1514 ali m'nyumba ya mwana wawoyo, ndipo iye anawajambula ndi makala patatsala miyezi iwiri kuti amwalire, ataonda, maso atatuluka. Nditawerenga zimenezi ndinasiya kumuona ngati katswiri wa Azungu wa m'mabuku. Anakulira m'nyumba imene maliro sankachoka pakhomo.

Panapita masabata angapo ndisanaone kanthu kena. Kumapazi kwa Yesu kuli mabala a misomali. Tsono taganizani: munthu wokhala pamwala atavala chisoti chaminga ndiye kuti akudikira kupachikidwa, koma mabala akusonyeza kuti anapachikidwa kale, ndipo kuwala kwa kumutu kukusonyeza kuti ndi wamoyo. Mu Uthenga Wabwino mulibe ola limene zinthu zitatuzi zinachitika pamodzi. Wojambulayo sanalakwitse. Anthu a nthawi imeneyo ankafuna zithunzi za mitundu iwiri, zina zofotokoza nkhani mmene inayendera, zina zochotsa Yesu mu nkhaniyo n'kumuika pamaso pako lero, m'chipinda chako, kuti ukhale naye. Chimenechi n'cha mtundu wachiwiriwo, ndipo n'chifukwa chake kumbuyo kulibe Yerusalemu.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandipweteka, ndipo ndichenjeze amene ali ndi bala ngati langa. M'kabuku kenikeniko, pansi pa chithunzichi pali ndakatulo ya Chilatini yolembedwa ndi mmonke wina, Benedictus Chelidonius. Akuyankhulitsa Yesu kuti: iwe munthu, zikwane kuti ndinasenza izi kamodzi chifukwa cha iwe, leka kundizunza ndi machimo atsopano. Mawuwa ali ndi nthawi yake, sindikuwatsutsa. Koma ine ndinali kale kudziimba mlandu usana ndi usiku, kuti ndinasankha mapaundi kusiya amayi, kuti anandilera koma sindinawatseke maso. Nditawerenga ndakatuloyo ndinatha masiku anayi osafuna kuyang'ana kakhadiko. Pa kakhadi ka agogo panalibe mawuwo, panali chithunzi chokha, ndipo ndinabwerera kwa icho osati kwa ndakatuloyo. Munthu wosweka mtima asakakamizidwe kumeza zonse zimene akale analemba pansi pa zithunzizi.

Ndipo zina zimene ankalemba n'zovutadi. Ku laibulale ya John Rylands ku Manchester kuli pepala la Christopher Woyera atanyamula mwana Yesu kuwoloka mtsinje, lolembedwa chaka cha 1423, limodzi mwa mapepala akale kwambiri otere ku Ulaya. Pansi pake analemba kuti tsiku limene wayang'ana nkhope ya Christopher sudzafa imfa yoipa. Ku England kunkasindikizidwa mapepala a Yesu wa mabala olonjeza kuti ukanena Atate Wathu kasanu, Tikuoneni Maria kasanu ndi Ndikhulupirira Mulungu kamodzi ukuyang'ana chithunzicho, uchotseredwa zaka 32,755 za chilango cha machimo. Ku Nuremberg ankagulitsa timapepala ta mtima wa Yesu tong'ambidwa pakati, ati tabooledwa ndi mkondo weniweni umene unalasa Ambuye, umene unkasungidwa mu mzindawo kuyambira mu 1424. Kunena zoona, pamenepa pepala lasanduka chithumwa, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake ku Zurich mu 1524 anachotsa zithunzi zonse m'matchalitchi, mwambo umene unadzafika mpaka ku makoma oyera a kwathu. Komabe sindingawaseke anthuwo. Ankakhala m'nthawi ya miliri imene inkatha kupulula mudzi wonse, ndipo chimene ankaopa koposa ndi kufa mwadzidzidzi, osalapa, osatsanzika. Ine amene ndinkagwira ntchito m'nyumba ya okalamba mu 2021 mantha amenewo ndikuwadziwa fungo lake.

Pa nkhani ya lamulo lachiwiri ndinalimbana nayo ndekha nthawi yaitali. Mkangano wake ndi wakale. Cha m'chaka cha 600, Papa Gregory Wamkulu analembera bishopu wa ku Marseille amene anaphwanya zithunzi, kumuyamikira poletsa anthu kuzipembedza koma kumudzudzula poziphwanya, poti chimene malemba amachitira odziwa kuwerenga, chithunzi chimachitira osadziwa. Ine kuwerenga ndimadziwa, koma chisoni chinandisandutsa wosadziwa, Baibulo ndikatsegula maso ankangoyendayenda pamwamba pa zilembo. Pomwe ndinaima ndi apa: kakhadiko sindikagwadira, sindikapempha kanthu, katapsa lero chikhulupiriro changa sichingapse nako. Kamangogwira maso anga kuti mtima usathawe. Wina wa mpingo wathu akaona kuti chikumbumtima chake sichikumulola, asadzikakamize, ndipo ine sindingamunene.

Agogo aja anamwalira chakumapeto kwa chaka chomwecho, mwana wawo ali pambali, poti nthawi imeneyo alendo anali atayamba kuloledwa. Polongedza katundu anandipatsa kakhadiko. Anzanga ogwira ntchito yosamalira okalamba, ndikupempheni: kapepala kakuda kothothoka kamene mwakapeza m'buku kapena pansi pa pilo musakataye poyeretsa. Funsani kaye. Mapepala akale aja ambiri anatha chifukwa cha kugwiridwa, kupsompsonedwa, kumatidwa kukhoma ndi phula mpaka utsi kuwadetsa, ndipo amene anapulumuka ndi amene wina anawamata mkati mwa chikuto cha buku kapena pa chivundikiro cha bokosi. Kutha kwa kapepala ndi umboni woti kakugwira ntchito.

Mu 2022 ndinalimba mtima kupita ku British Museum ku London. Anthu ambiri sadziwa kuti pamwamba pa nyumbayi pali chipinda chimene munthu wamba amaloledwa kuona mapepala enieniwo, ulere. Umalembera kalata ya pa intaneti kupempha tsiku ndi kutchula zimene ukufuna kuona, umatenga chiphaso, chikwama umasiya, cholembera amalola pensulo yokha. Ndinkaopa kuti andifunsa za sukulu, koma ndinangoti ndikufuna kuona masautso aang'ono a Dürer, dzina limene amatchulira kabuku kaja, ndipo anandibweretsera bokosi n'kundionetsa kagwiridwe kake. Matabwa 35 mwa 37 amene anasindikizira kabukuko akusungidwa m'nyumba yomweyo mpaka lero. Chimene chinandikhudza ndi kuchepa kwa mapepalawo. Kuti uone bwino uyenera kuwerama, nkhope kufika pafupi, ndipo anthu awiri sangaone bwino nthawi imodzi. Anapangidwira munthu mmodzi ali yekha.

Tsiku limenelo ndinaonanso pepala lina la Dürer la mu 1511, la Misa ya Gregory Woyera. Nkhani yake imati Papa Gregory yemwe uja akuchita Misa anaona Yesu wa mabala atatulukira paguwa. Papepalapo Gregory wagwada akuyang'anitsitsa, pamene ena amene aimirira pambali akungopitiriza ntchito zawo, sakuona kanthu. Mozungulira Yesu muli katundu wambiri: mtanda, makwerero, mkondo, chinkhupule pa bango, mzati umene anamumangirirapo, mkwapulo, timiyala ta maere, ndi tambala. Poyamba zimaoneka ngati zangounjikidwa. Akale ankazitcha zida za Khristu, monga mmene mfumu imakhalira ndi zizindikiro pa chishango chake, ndipo ntchito yake inali yoti munthu atenge chimodzi, akumbukire pamene chikupezeka mu nkhani ya masautso, akhale nacho, kenako apite pa china. Munthu wosadziwa kuwerenga ankatha kuyenda usiku wonse wa Lachinayi mpaka madzulo a Lachisanu ndi maso okha.

Nditabwerera kunyumba ndinasindikiza chithunzicho papepala n'kuyamba kutenga chinthu chimodzi m'mawa uliwonse ndikaweruka. Chinkhupule chinandikumbutsa timathonje tonyowa timene timapaka pamilomo ya odwala amene sakuthanso kumeza, ndipo kuyambira pamenepo ntchito imeneyo ndimaigwira mosiyana. Maere sanandiuze kanthu, ndinangodutsa. Koma pa tambala ndinakhala sabata yathunthu.

Tambala ndi wa Petro. Analonjeza kuti sadzamusiya Mbuye wake, ndipo pamene zinthu zinafika povuta sanaoneke. Pamtanda Mauthenga amatchula amayi aja ndi wophunzira amene Yesu anamkonda, Petro palibe. Poika m'manda anagwira ntchito ndi Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo, Petro palibe. Sanakhale nawo pa maliro a munthu amene ankamukonda koposa. Ndinali nditamva nkhaniyi kuyambira ku Sande sukulu koma ndinali ndisanaione chotero. Ndinatsegula Yohane 21, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu zilembo zinakhazikika. Yesu wasonkha moto m'mbali mwa nyanja, pamakala pali nsomba, akuti idzani mufisule. Sanamufunse Petro kuti unali kuti. Anamufunsa ngati amamukonda. M'mawa umenewo, ndili ndi yunifolomu yomwe, ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu a Petro omwewo, akuti Ambuye mudziwa zonse, mudziwa kuti ndikukondani. Ndinkanena kwa Ambuye, ndipo ndikhulupirira ndinkanenanso za amayi. Linali pemphero lalifupi, koma linali langa, ndipo ena anatsatira pang'onopang'ono.

Amene mukufuna kuyesa, simukusowa ulendo wa ku London. Nyumba zosungira zinthu zakale monga Metropolitan Museum ya ku New York ndi Rijksmuseum ya ku Amsterdam zinaika zithunzi za Dürer pa intaneti kuti aliyense atenge ulere. Lembani dzina lake ndi mawu akuti Man of Sorrows kapena Small Passion. Koma musapempherere pa foni, ndinayesa, uthenga wa WhatsApp umalowa pakati n'kukubera mtima. Pitani nacho posindikiza mapepala, chituluke chaching'ono chokwana m'Baibulo, ndipo chikhale chimodzi, osati khumi. Musathamangire kufufuza tanthauzo la chizindikiro chilichonse. Yambani mwayang'ana kufikira mutaona chimene simunachione dzulo, kenako mupeze ndime yake m'Malemba. Ine mabala a kumapazi ananditengera masabata, ndipo wina akanandiuza tsiku loyamba sakanandigwira mtima mmene anandigwirira. Zithunzi zina za nthawi imeneyo zili ndi magazi ambiri, ngati mwangochoka kumene kudwazika musayambire pamenepo. Ndipo ngati chisoni chafika poti simukudya, simukugona, kapena mukuganiza zodzipweteka, kapepala sikangalowe m'malo mwa dokotala, abusa kapena mnzanu womuuza.

Ndinapita kwathu mu 2023 kukamanga chiliza. Madzulo ake, anthu atabalalika, ndinakhala pamphasa ndi azakhali, alongo awo a bambo anga, amene anasambitsa thupi la amayi. Anandifotokozera zonse zimene foni inandibisira, amene anagona pasiwa, nyimbo imene anaimba potuluka m'nyumba, nsalu imene anawaveka. Kenako ndinatulutsa kakhadi m'Baibulo n'kuwapatsa, osanena kuti n'chiyani. Anakayandikitsa ku nyali, anakayang'ana nthawi yaitali, chala chawo chikuyenda kuchoka pa minga kutsikira kumapazi.

"Mwana wa achimwene," anatero, "nanga bwanji amusiya yekha?"

Sanandibwezere. Anasendera pang'ono pamphasapo, anakaika pa chitenje pamiyendo pawo, ndipo tinakhala choncho mpaka mafuta anatha mu nyali.